Kabineti ya miyezi isanu ya ku Belfast

Abale kumudzi mukamva kuti munthu ali ku UK, mumangoti akulamulidwa ndi nduna yaikulu ya ku London. Kwa ife okhala ku Northern Ireland nkhani si choncho kwenikweni. Asilikali, misonkho yambiri ndi ziphaso zolowera m'dziko zili m'manja mwa London, koma zipatala, sukulu, misewu ndi nyumba za anthu zimayendetsedwa ndi boma la kuno, lomwe limakumana m'nyumba yoyera yaikulu pa phiri la Stormont, kum'mawa kwa mzinda wa Belfast. Bomalo lili ndi khalidwe limodzi lomwe mungadabwe nalo: limatha kutseka zitseko kwa zaka ziwiri kapena zitatu, nduna zonse zili kunyumba. Khalidweli mizu yake ili mu 1974.

Chilumba cha Ireland chinagawidwa mu 1921. Maboma asanu ndi limodzi a kumpoto anatsala pansi pa Britain. Kumeneko ambiri anali Apulotesitanti ofuna kukhalabe ndi Britain, ndipo ochepa anali Akatolika ofuna kuti chilumba chonse chikhale dziko limodzi. Kwa zaka 50 chipani chimodzi cha Ulster Unionist chinalamulira chokha, Akatolika akudandaula za tsankho pa ntchito, pa nyumba ndi pa kadulidwe ka madera a chisankho. Cha m'ma 1969 mfuti ndi mabomba zinayamba kulankhula. Mu 1972 mokha anafa anthu pafupifupi 500, ndipo mu Malichi chaka chimenecho boma la nduna yaikulu ya Britain, Edward Heath, linatseka Stormont n'kuyamba kulamulira kuchokera ku London.

Mankhwala omwe Heath anapeza anali oti adaniwo akhale m'kabineti imodzi. Mu Disembala 1973 anakumana ku Sunningdale, ku England, pamodzi ndi Liam Cosgrave, mtsogoleri wa boma la ku Dublin, ndipo pa 1 Januwale 1974 kabinetiyo inayamba ntchito. Mtsogoleri anali Brian Faulkner wa Ulster Unionist, wachiwiri wake Gerry Fitt wa chipani cha SDLP, cha mbali ya Akatolika. John Hume anatenga unduna wa zamalonda, Austin Currie wa nyumba, Oliver Napier wa chipani chaching'ono cha Alliance anayang'anira zamalamulo. Taganizani: Faulkner ndiye analamula mu 1971 kuti anthu azitsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo omangidwawo pafupifupi onse anali Akatolika. Tsopano anali pa tebulo limodzi ndi anthu omwe anatsogolera zionetsero zomutsutsa.

Chomwe chinaivulaza kabinetiyi ndi mfundo imodzi ya mgwirizano wa ku Sunningdale, yokhazikitsa bungwe la Council of Ireland momwe nduna za ku Belfast ndi za ku Dublin zikanamakambirana zinthu limodzi. Apulotesitanti ambiri anaona kuti ili ndi khomo lakuseri lowalowetsera ku Dublin. Sabata isanathe, Faulkner anali atatula utsogoleri wa chipani chake chomwe. Mu Febuluwale kunabwera chisankho cha aphungu opita ku London, ndipo pa mipando 12 ya Northern Ireland, 11 inatengedwa ndi otsutsa mgwirizanowo, mmodzi mwa iwo mbusa wa mawu ngati bingu, Ian Paisley.

Pa 15 Meyi gulu la Ulster Workers' Council linayambitsa sitiraka. Tsiku loyamba anthu ambiri ananyamuka kupita ku ntchito monga mwa nthawi zonse, koma anapeza misewu yatchingidwa ndi anyamata a gulu la zida la Apulotesitanti la UDA, zibonga zili m'manja. Mphamvu yeniyeni ya sitirakayi inali pamalo opangira magetsi a Ballylumford, pafupi ndi doko la Larne. Ogwira ntchito kumeneko anayamba kuchepetsa magetsi pang'onopang'ono, mafakitale n'kuima, alimi n'kumataya mkaka, mafuta a galimoto n'kumaperekedwa kwa okhawo omwe onyanyalawo awaloleza. Pa 17 Meyi mabomba anaphulika ku Dublin ndi ku Monaghan, n'kupha anthu 33. Harold Wilson, yemwe analowa m'malo mwa Heath, analankhula pa wailesi yakanema pa 25 Meyi, n'kunyoza onyanyalawo kuti ndi anthu ongoyamwa ndalama za Britain ngati siponji. M'mawa mwake ngakhale omwe sankaikonda sitirakayo anali atabaya tizidutswa ta siponji pa majekete awo monyadira. Pa 28 Meyi Faulkner anatula pansi udindo. Kabineti inatha isanakwanitse miyezi isanu.

Ine ndimaona kuti Wilson anaisiya yokha kabinetiyo masiku oyambirira, pamene apolisi ndi asilikali akanatha kutsegula misewu. Ena kuno amati ngakhale akanatero, boma lokanidwa ndi ovota ake silikanakhalitsa. Mkanganowu sunathe mpaka lero.

Panadutsa zaka 24, anthu ena zikwi n'kufa, kuti mgwirizano wa pa Lachisanu Loyera, pa 10 Epulo 1998, ubweretsenso zomwezo: kugawana maunduna ndi bungwe lokambirana ndi Dublin. Kwathu pulezidenti amasankha nduna momwe wafunira, n'kuzichotsa tsiku lomwe wadzukira kumanzere. Kuno ayi. Aphungu 90 a ku Stormont amalembetsa kuti ali mbali ya Britain, ya Ireland, kapena alibe mbali. Maunduna ambiri amagawidwa ndi masamu, zipani zikusankha mosinthana malinga ndi mipando yawo. Nduna yoyamba ndi wachiwiri wake ali ndi mphamvu zofanana ngakhale mayina akusiyana, ndipo mmodzi akachoka, mnzakeyo wachokanso. Ndi dongosolo limeneli lomwe mu 2007 linakhazika Paisley yemwe uja pambali pa Martin McGuinness, yemwe kale anali mmodzi mwa akuluakulu a IRA, gulu la zida lomenyera kuti Ireland ikhale dziko limodzi.

Koma lamulo lomwelo linapatsa chipani chachikulu cha mbali iliyonse kiyi wozimitsira boma, popanda kufunikira Ballylumford. Sinn Féin, ya mbali ya Ireland, inachoka mu Januwale 2017, Stormont n'kukhala yotseka zaka zitatu. DUP, ya mbali ya Britain, inachoka mu Febuluwale 2022 chifukwa cha malamulo a malonda obwera ndi Brexit, kutuluka kwa UK m'bungwe la European Union, n'kutha zaka ziwiri. Nthawi zoterezi maofesi amatsegulabe, akuluakulu ogwira ntchito m'boma akuyendetsa za tsiku ndi tsiku, koma sangapange mfundo zatsopano. Ife ogwira ntchito yosamalira odwala ndi okalamba timazionera pa ndandanda wa odikira opaleshoni, womwe kuno ndi wautali kuposa madera ena onse a UK, ndiponso pa malipiro omwe amaima chifukwa palibe nduna yosainira. Pa 18 Januwale 2024 anamwino, aphunzitsi ndi oyendetsa mabasi ananyanyala ntchito tsiku limodzi m'chisanu choopsa. Pa 3 Febuluwale nduna zinabwerera, Michelle O'Neill wa Sinn Féin n'kukhala munthu woyamba wa mbali ya Ireland kukhala nduna yoyamba, wachiwiri wake Emma Little-Pengelly wa DUP.