Fufuzani "Mlanje": Mbiri ya Kwanu Ili pa Intaneti

Kodi munayesapo kufufuza mbiri ya Mulanje pa foni n'kupeza zithunzi za Sapitwa ndi minda ya tiyi basi? Vuto si foni yanu ayi. Vuto ndi kalembedwe. Atsamunda ankalemba "Mlanje", ena "Milanji", ndipo zolemba zawo zambiri zikadali ndi maina amenewa.

Zolemba zakale zimafika bwanji pa intaneti? Pepala limatha: chiswe chimadya, chinyezi chimabweretsa nkhungu. N'chifukwa chake malaibulale amajambula tsamba lililonse ndi sikana kapena kamera. Koma kwa kompyuta, chithunzi ndi timadontho tambirimbiri chabe. Pamafunika pulogalamu yotchedwa OCR, yomwe imayang'ana maonekedwe a timadonthoto n'kuzindikira zilembo. Imatenga zomwe zili papepala momwe zilili, siikonza dzina lakale kukhala lamakono. Inki ikafufutika imatha kusokoneza "l" ndi "1", ndipo zolemba pamanja zimaivuta kwambiri. Pamenepo muyenera kutsegula tsamba ndi tsamba n'kuwerenga nokha.

Tayesani izi. Lowani pa Biodiversity Heritage Library, laibulale yaulere ya pa intaneti, mulembe "Milanji". Mukumana ndi Alexander Whyte, amene anakwera phiri la Mulanje mu 1891 kukatola zomera. Akatswiri ku London anazifotokoza mu 1894, ndipo mkungudza wathu anaupatsa dzina loti Widdringtonia whytei potengera iyeyo. Lero mtengowu watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto. Ofuna kuubwezeretsa akufunika kudziwa komwe unkamera, ndiye zolemba zakale ndi umboni wa sayansi ndithu.

Za anthu nazo zilipo. National Archives of Malawi ku Zomba, mothandizidwa ndi Endangered Archives Programme ya British Library, inajambula zolemba za maboma za nthawi ya atsamunda, pakati pa 1891 ndi 1964. Pofufuza kumbukirani kuti Phalombe inali mbali ya boma la Mulanje, choncho nkhani za Fort Lister, linga lomangidwa mu 1893 potseka njira ya ogulitsa akapolo, zili pansi pa "Mlanje".

Chenjezo: analemba izi ndi alendo. Whyte sanatulukire mkungudza, eni dera ankaudziwa kale. Nayo thangata, bwanamkubwa ankaiona mosiyana ndi munthu amene ankalima pa esiteti. Ndiye chitani monga wasayansi: musadalire umboni umodzi. Mukapeza dzina la mfumu kapena mudzi, kafunseni agogo, mufananitse, mulembe pomwe akugwirizana ndi pomwe akusiyana. Paja akulu ndi mdambo mozimira moto.

Mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse chifukwa cha chikhalidwe chake. Zambiri za chikhalidwecho sizili mu sikana iliyonse. Zili pakhonde kwanu, ndipo foni yanu ili ndi chojambulira mawu.