Katswiri Weniweni Adziwika Nyanja Ikaphwa

Abale athu a m'midzi, masiku ano dzina la katswiri latchipa. Mnyamata akagula bwato ndi ukonde, nagulitsa dengu limodzi la matemba pa msika wa Songani, mawa lake ayamba kudzitama. Tsono tiyeni tifunse nyanja yathu ya Chilwa, pakuti iyo ndiyo iyesa anthu.

Nyanja imeneyi ndi yosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulukamo. Madzi alowa ndi Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, koma wowachotsa ndi dzuwa ndi mphepo. Mvula ikachepa zaka zotsatana, nyanja iphwa. Zidatero mu 1968, mu 1995, ndiponso mu 2018, pamene mabwato adagona pa matope ong'aluka ku Kachulu.

Pa nthawi yotere asodzi agawika pawiri. Wina atenga neti ya udzudzu, nakokolola m'maiwe a m'mitsinje m'mene mwathawira matemba, makumba ndi milamba. Adzaza dengu lero, koma wadya mbewu. Mnzake adziwa kuti nsomba zotsalazo ndizo zidzadzazenso nyanja madzi akabwerera. Apachika ukonde, nayamba wagwira khasu. Nyanja itaphwa mu 1995, mafumu, asodzi ndi alangizi a boma a za nsomba adapangana kuteteza maiwe amenewa, ndipo nsomba zidabwerera. Kodi katswiri ndani pa awiriwa? Ndi uja adziwa nthawi yoleka.

Luso lotere silimera chaka chimodzi. Wolifuna ayambe wapalasa bwato la mkulu, asoke maukonde ake, afunse chifukwa cha chilichonse, pakuti safunsa adadya phula. Apenye yekha mphepo, mtundu wa madzi ndi pamene patera mbalame. Ngati adziwa kulemba, asunge m'kope malire a madzi mwezi ndi mwezi. Amverenso alangizi ndi zanyengo za pa wailesi, naziyese ndi zimene maso ake aona. Akalakwa avomere, chifukwa wokana cholakwa chake adzachibwereza.

Inu makolo, musatame mwana chifukwa cha dengu lodzaza lokha. Mfunseni kumene waponya ukonde, ndi kukula kwa maso ake. Nyanja idaphwa kale, idzaphwanso. Tsiku limenelo mudzi udzapulumuka ndi ana amene tidawaphunzitsa modekha.