Musapeputse cingwe pomanga cipupa

Tikagulitsa cimanga ndi nshawa, ambiri a ife timayamba kumanga. M'maparishi namonso, cilimwe ndiyo nyengo youmba njerwa za chalichi. Timakangana pa mtengo wa simenti ndi malata, koma za cingwe palibe amafunsa. Komatu cipupa cimatsata cingwe. Cikakhota, mmisiri amabisa colakwaco ndi pulasitala wokhuthala, ndipo simenti imeneyo imacokera m'zopereka zathu.

Gulani ca nayiloni, copyapyala, ca mtundu wooneka patali, copanda mfundo. Ca khonje kapena ca thonje cimasintha utali cikanyowa. Luzi lisiyeni, nchito yake ndi kumangira nkhokwe.

Makona ayambe kukwera, oyesedwa ndi levulo. Pofuna kudziwa ngati kona ili bwino, pimani mamita 3 mbali ina ndi mamita 4 mbali inayo. Pakati pa nsonga ziwirizo papezeke mamita 5. Mukatero kokani cingwe zolimba kucokera kona ina kufika inzake, cilingane ndi pamwamba pa mzere umene mukuyala.

Apa ndi pamene akhristu odzipereka, ofulumira kuti akadye nsima, amalakwa: amagunditsa njerwa ku cingwe. Njerwa imodzi ikacikankha, zotsatira zonse zimatulukira kunja, cipupa n'kucita mimba. Siyani kampata ka mamilimita 2, njerwa isacikhudze.

Pa cipupa cacitali ngati ca chalichi, cingwe cimagwa pakati ngakhale mukoke bwanji, ndiponso mphepo ya mu Ogasiti imacigwedeza. Yalani njerwa imodzi pakatipo, muiyese ndi levulo, icirikize cingweco.