Mapiri a ku Blantyre: ulendo wa tsiku limodzi, osagona

Anthu a ku Blantyre tili ndi kamatenda kena: tikamva za kukwera phiri, timaganiza za Mulanje, nsapato zodula ndi azungu obereka zikwama. Chikhalirecho mzinda wathu wazunguliridwa ndi Michiru, Ndirande ndi Soche, mapiri oti mukhoza kukwera m'mawa n'kudzadya nsima ya masana kwanu. Chinsinsi chake n'chakuti Blantyre ali kale pamtunda, pafupifupi mamita 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Ndiye mukamva kuti Michiru ndi wamamita pafupifupi 1,470, musaope. Amene miyendo yanu ikwere sakwana ngakhale 500.

Kwa woyamba kumene, ine ndimati yambani ndi Michiru. Kumbali ya Chilomoni kuli Njira ya Mtanda, yomwe Akatolika amayendamo popemphera, makamaka nyengo ya Lenti. Njirayi njooneka bwino ndipo malo ake oimapo amakupatsani mpata wopuma popanda anzanu kudziwa kuti mwatheratu. Kumbukirani kuti ena abwera kudzapemphera, choncho sipika ya Bluetooth itsale kunyumba. Mukafuna njira ina, lowerani mbali ya malo otetezedwa a Michiru, mutenge wokutsogolerani. Kumeneko kunkapezeka anyani, apusi ndi mbalame zambirimbiri, afisinso analiko, ndipo pamwamba mumaona bwalo la ndege la Chileka lili poteropo.

Ndirande ndi wamtali kuposa onse atatu, amapitirira mamita 1,600. Vuto lake ndi dzuwa. Mitengo yambiri inatha kalekale ndi nkhwangwa, moti mthunzi ngosowa, ndipo cha kumtunda kuli miyala yofuna manja ndi miyendo yomwe. Nyamukani 6 koloko, mukhale gulu, ndipo pakhale wina wodziwa njira. Foni izikhala m'thumba mpaka pojambula.

Za Soche ndilankhula mosaseka. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osakata, matope ndi miyala zinatsetsereka m'phirimo n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Zipsera zake zikuonekabe. Zimachitika chonchi: nthaka ya pamalo otsetsereka ikamwa madzi mpaka kukhuta imalemera, ndipo ngati palibe mizu yoigwira, imangonyamuka. N'chifukwa chake nyengo yamvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, simukwera phiri lililonse mwa awa ngati yavumba dzulo lake, ngakhale kumwamba kutayera bwanji. Ndipo mukamadutsa m'makomo a anthu kumunsiko, perekani moni. Ena mwa iwo anaika abale awo m'manda, si malo ovinirapo za TikTok.

Nanga Mulanje? N'zotheka tsiku limodzi, bola osalota Sapitwa. Nsonga imeneyo njamamita 3,002 ndipo imafuna kugona m'phiri. Ulendo wa tsiku limodzi ndi wa ku Dziwe la Nkhalamba. Mumakwera minibasi ku Limbe, kutsika pa Chitakale, n'kupeza kabaza kapena galimoto yolowera ku Phalombe mpaka pa Likhubula. Kuchoka apo ndi ola limodzi kapena kupitirira pang'ono wapansi. Anyamata otsogolera alendo mudzawapeza pomwepo. Gwirizanani mtengo musananyamuke, ndipo musawanyenyerere, ndi ntchito yawo. Madzi a padziwepo ngozizira koopsa komanso ngakuya, ndipo anthu anamirapo. Ngati kusambira mumadziwira m'bafa, viikani mapazi basi.

Pakati pa Meyi ndi Ogasiti kumayendeka bwino, koma chiperoni chimatha kutsika mwadzidzidzi n'kubisa njira, ndiye juzi isatsale. Madzi tengani malita awiri, nthochi, mtedza kapena mbatata yootcha. Kuno kumada cha m'ma 6 koloko, nyengo yozizira msanga kuposa apo, choncho ikamakwana 2 koloko muzikhala mukutsika, makamaka ngati minibasi ya ku Limbe ikukudikirani.