Sikuta yaikulu ku Chifunde: ganizirani za njira yofika pakhomo panu musanagule

Nyengo yogulitsa fodya ikafika, njinga zamoto zatsopano zimachuluka m'misewu ya m'boma la Chifunde. Ambiri amagula mota wamba za 125 kapena 150 cc, koma tsopano kulinso aphunzitsi, anamwino ndi a bizinezi amene akaona sikuta yaikulu mumzinda wa Tete kapena pa foni amayamba kuisirira. Sikuta ndi njinga yamoto ija yokhala ndi mpando wotakata ngati wa pabalaza, galasi lotchinga mphepo kutsogolo, ndiponso malo oika katundu pansi pa mpando. Kodi njinga yotere ingatumikire munthu wa kuno?

Pa msewu wa phula sikuta yaikulu siitopetsa. Ilibe kalachi yofinya ndi dzanja ndipo simupondera magiya. Mumangopotoza mafuta n'kumapita. Mkati mwake muli lamba wolimba amene amayenda pakati pa mapule awiri, ndipo mapulewo amasintha okha kukula malingana ndi liwiro. Dongosololi amalitcha CVT. Mitundu yodziwika ndi Yamaha XMAX 300, Honda Forza 350 ndi Suzuki Burgman 400, ndipo pamwamba pake pali Yamaha TMAX ya masilinda awiri. Pa msewu wa N9, wochokera ku Tete kudutsa ku Chiúta mpaka pa chipata cha Cassacatiza m'malire ndi Zambia, mphamvu yotereyi ili ndi phindu lenileni. Msewuwu ndi wa makilomita opitirira 250 ndipo umadzaza ndi mathiraki ochokera ku doko la Beira. Mota ya 125 cc itanyamula anthu awiri imalephera kupitirira thiraki msanga, choncho imakhala nthawi yaitali pambali pa matayala ake, malo amene palibe woyendetsa njinga amafuna kukhalapo. Sikuta ya 300 cc imapitirira mofulumira ndipo imayenda pa liwiro la 100 popanda injini kulira ngati ikuphedwa.

Koma ndi angati mwa ife amene khomo lawo lili m'mphepete mwa phula? Apa ndi pamene pagona nkhani. Kuchoka pa N9 kulowera m'midzi ya ku Mualadzi kapena ku Nsadzu, njira zambiri ndi za fumbi, mchenga ndi miyala, ndipo kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi zimasanduka matope. Matayala a sikuta ndi aang'ono. XMAX ndi Forza zili ndi tayala la mainchi 15 kutsogolo ndi 14 kumbuyo, pomwe mota wamba ngati Bajaj Boxer ili ndi mainchi 17, ndipo Honda XR150L ili ndi 19 kutsogolo. Tayala lalikulu limadumpha dzenje, laling'ono limagweramo. Mimba ya sikuta ilinso pafupi ndi nthaka: kwa XMAX mpata wake ndi masentimita 13 ndi theka okha, pomwe XR150L imapitirira masentimita 20. Mwala umene mota wamba imaudutsa osaudziwa n'komwe ungathe kung'amba pulasitiki ya pansi, kapena kuboola poipa mafuta a injini n'kutayika.

Onjezani kulemera. Sikuta ya 300 cc imalemera pafupifupi makilogalamu 180, Burgman 400 imapitirira 200, pomwe Boxer ili cha m'ma 120. Ikatitimira mumchenga wa m'dambo simungainyamule nokha, mudzadikira odutsa. Pooloka mtsinje napo pali vuto lake. Bokosi la lamba lili m'munsi pafupi ndi tayala lakumbuyo, ndipo madzi akalowamo lambayo amaterereka: injini imalira koma njinga siisuntha mpaka mutauma.

Chinthu china chimene ogulitsa satchula kawirikawiri ndi ichi. Sikuta zikuluzikulu zilibe chopondera polizira injini, ndipo kukankha sikuthandiza chifukwa tayala silingazungulitse injini kudzera mu CVT. Batire ikafa, mwakhala pansi. Ife tinazolowera kuitana ana awiri kuti akankhe mota pa chitsikiro, koma pa sikuta nzeru imeneyi siigwira. Injini zakenso sizigwiritsa ntchito kabuleta, zili ndi pampu ndi jekeseni ya mafuta yolamulidwa ndi kompyuta. Zimenezi zimapulumutsa petulo, koma sizigwirizana ndi petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu akakhala ndi madzi kapena zinyalala. Kabuleta makaniko wa pansi pa mtengo amaitsuka m'kanthawi kochepa. Pampu ikawonongeka pamafunika ina yatsopano.

Thanki yake ndi yokwanira ndithu. XMAX imalowa malita 13, Forza 350 pafupifupi 12, ndipo zimamwa malita 3 kapena 4 pa makilomita 100. Wodzaza pa pampu ku Tete angathe kufika ku Cassacatiza ngati sakuthamanga mopambanitsa. Funso ndi la pobwerera: mudzathira kuti, ndipo petulo wake ndi wotani?

Ponena za masipeyala, musagule njinga musanapeze amene adzaikonze. Lamba wa CVT amasinthidwa akayenda makilomita 20,000 kapena kupitirira pang'ono, malingana ndi mtundu wa njinga, ndipo m'fumbi la kuno ndi bwino kumuona nthawiyo isanakwane. Akaduka pa njira palibe chomulumikiza ngati tcheni. Masipeyala a mota wamba amapezeka pafupifupi pa msika uliwonse waukulu, ngakhale tsidya la malire ku Katete. Lamba wa Burgman kapena tayala la mainchi 13 la njinga yolemera chotere, nthawi zambiri muyenera kuitanitsa ku Maputo kapena ku Johannesburg, njinga ili chiimire pakhomo. Anzeru amagula lamba wachiwiri tsiku lomwelo n'kumusunga pansi pa mpando.

Sikuta zambiri zotere zimafika kuno zitagwirapo kale ntchito kwina, choncho yang'anani bwino. Ilizeni injini isanatenthe, chifukwa wogulitsa wochenjera amayamba waitenthetsa kuti mavuto asaoneke. Nyamukani pang'onopang'ono: ikamanjenjemera poyamba kuyenda, kalachi ya m'kati kapena timagudumu ta mu CVT tatha. Onani ngati rediyeta siikudontha madzi, ndipo nyali ya ABS izime mukangoyenda pang'ono. Pulasitiki yosweka musaipeputse, ndi yodula ndipo imasonyeza kuti njinga inagwapo.

Mapepala nawo ndi ndalama. Nambala ya pa chasisi ifanane ndi yolembedwa mu livrete, ndipo dzina la wogulitsa likhale lomwe lili pa título de propriedade. Ngati njinga yachokera kunja, funsani mapepala a ku Alfândega, chifukwa yolowa mozemba idzalandidwa ndi inu pamwamba pake. Chiphaso cha A1 chimalola njinga zosapitirira 125 cc, ndiye kuti pa sikuta ya 300 kapena 400 cc pamafunika chiphaso cha gulu A, chimene amapereka a INATRO. Inshuwalansi yoteteza anthu ena pa ngozi ndi lamulo, monganso chisoti cholimba kwa woyendetsa ndi wokwera kumbuyo.

Nanga sikuta yaikulu ndi ya yani? Ife tikuona kuti ndi ya munthu wokhala pa phula, amene ulendo wake wa kawirikawiri ndi wopita ku Manje, ku Tete kapena ku malire, ndipo katundu wake ndi chikwama cha mapepala, osati matumba a feteleza kapena mabelo a fodya. Kwa ameneyu 300 kapena 350 cc ndi yokwanira. TMAX imamwa mafuta ambiri, masipeyala ake ndi odula kwambiri, ndipo liwiro lake lowonjezeralo mulibe poligwiritsa ntchito pa msewu wa maenje, mbuzi ndi ngolo za ng'ombe. Ngati pakati pa phula ndi nyumba yanu pali kamtunda kochepa ka fumbi louma, onani Honda ADV350, imene ili ndi mashokabu aatali ndi matayala ogwira pa fumbi, ngakhale nayonso ili ndi lamba ndipo siikonda madzi. Koma ngati mumawoloka dambo kapena mtsinje wopanda mlatho musanafike kwanu, ndalama ya sikuta imodziyo ingakugulireni mota ya matayala aakulu, chisoti chabwino, inshuwalansi, n'kutsalako ya feteleza wa chaka chamawa.