Ka DVD ka ambuya kanatigoneka mocedwa pa Katete

AMBUYA anga sadziwa WhatsApp, sadziwa TikTok, koma kusunga cinthu amadziwa. Nditapita ku Mkaika kumapeto kwa August kukalemba nkhani za Kulamba, ndinagona kwao, mudzi wa pafupi cabe ndi likulu la Kalonga Gawa Undi. Mwambo utatha, fumbi likali m'tsitsi, anandiitanira m'nyumba ndi kutsegula sutikesi ija yacitsulo imene ife adzukulu sitiloledwa kuikhudza. Pansi pa makhadi a kucipatala ndi vitenge va kuchalichi anatulutsa ka DVD kokulunga m'pulasitiki ya shuga.

"Iwe wa ku Lusaka, amene udziwa vamakina, ndionetse agogo ako."

Pa cimbale panalembedwa ndi inki yakuda: Kulamba 2007. Amene akumbukira, ndico caka cimene apulezidenti atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika wa Malawi ndi Armando Guebuza wa Mozambique, anakhala pamodzi pa Mkaika. Anyamata a makamera anajambula, nagulitsa ma DVD pamsika, ndipo mu iyi muli malemu agogo aamuna akuimba ng'oma. Cithunzi cawo cimene tili naco ni cimodzi, ca pa NRC, nkhope yolimba monga agwidwa ndi apolisi. Koma akuyenda, akuseka, manja ali pang'oma, ni mu ka cimbale aka cabe.

Manje vuto inayamba. Laptop yanga ilibe polowetsa cimbale, monga ma laptop ambiri a masiku ano. DVD player ya pamudzi inafa kale, nkhuku zimaikirapo mazira. Ciyembekezo cinatsala pa msuweni wanga amene ali ndi kashopu pa Katete boma, pafupi ndi Great East Road, komwe amameta, kuchaja mafoni ndi kuika nyimbo pa fulashi. Pakona ali ndi kompyuta ya desktop, ija yacibokosi, ya Windows 7. Microsoft inaleka kusamalira Windows 7 mu January 2020, koma uyu mudala akali pa nchito tsiku ndi tsiku. Cokhaco, ka drive kake ka ma CD kanali kasanatsegulidwe kwa zaka.

Tinadina batani. Kanyali kanayaka, mkati munamveka kulira kwa kamota, koma thireyi osatuluka. Msuweni anatenga mpeni ati akanyule. Awe, osayesa. Ngati kanyali kayaka ndipo mota ilira, ndiye kuti malaiti akufika bwino. Cimene catopa kawirikawiri ni kalamba kamphira kamene kamakoka thireyi. Mphira ikakalamba imalefuka ndi kuterereka. Yang'anani kutsogolo kwa drive, pali kabowo kang'ono ngati ka singano. Zimitsani kompyuta, ongolani paper clip kapena kawaya kolimba, lowetsani mowongoka ndi kukankha. Thireyi imatuluka pang'ono, kwatsalako mukoka ndi dzanja, mofatsa. Kalamba kaja kamaonekera kutsogolo, pansi pa thireyi. Tinakacotsa, tinakatsuka ndi sopo, kataumitsitsa tinakabwezera, ndipo thireyi inayamba kumvera batani. Ngati kanaduka, kamphira kena ka saizi yomweyo kamagwira nchito kwa kanthawi.

Tinaika cimbale, tinatsegula Computer. Hard disk ionekera, fulashi ionekera, drive ya DVD kulibe. Apa ndipo anthu ambiri amathamangira kunena kuti "ni virus", ndi kulipira munthu kuti afomate kompyuta yonse. Ndalama yotaya. Yambani mwafunsa BIOS. Poyatsa kompyuta dinani F2, F10 kapena Del, malinga ndi mtundu wa makina, ndipo muone pa mndandanda wa ma drive. Ngati BIOS siiona drive, Windows alibe mlandu, nkhani ili pa nthambo. Kwa ife BIOS inaonetsa hard disk yokha.

Tinacotsa pulagi kukhoma, ndipo ici musaiwale, kuzimitsa cabe sikukwanira. Titatsegula cibokosi, zimene tinapezamo sindingalembe zonse mu nyuzipepala ya banja: fumbi la Katete, tsitsi la makasitomala onse a m'boma, ndi mphemvu zimene zinafa mwamtendere. Drive inali ya mtundu wakale wa IDE, ija ya nthambo yaikulu yaphanthiphanthi yokhala ndi mapini 40. Mbali imodzi inali itasololoka. Msuweni anavomera kuti anasamutsa kompyuta pa njinga pocoka ku shopu yakale. Tinaikankhira bwino mbali zonse ziwiri, ku drive ndi ku motherboard, mzere wofiira wa m'mphepete kuyang'ana kumene kuli nthambo ya malaiti. Pa ma IDE palinso ka jumper kumbuyo: ngati ma drive awiri agawana nthambo imodzi, imodzi ikhale Master, inzake Slave, apo ayi zimalimbana ndipo zonse zingasowe. Makompyuta atsopanoko ali ndi SATA, kanthambo kowonda, kopanda za jumper, koma nako kamasololoka. Bokosi la power supply lokha musatsegule, limasunga moto ngakhale pulagi yacotsedwa.

Titayatsa, BIOS inaona drive, Windows nayo inaiona. Ife cinatithera apo, koma mwina kwa inu BIOS iona pomwe Windows akana. Pamenepo tsegulani Device Manager. Mukapeza kacizindikiro kacikasu pa drive ndi Code 19, 31 kapena 39, nthawi zambiri ni zotsalira za mapulogilamu owochera ma CD, monga Nero, zimene zinasokoneza. Yambani ndi Uninstall pa drive, muyatsenso kompyuta kuti Windows aipeze yekha. Zikakanika, mankhwala ake ni kufafaniza UpperFilters ndi LowerFilters za drive imeneyo mu registry, koma uko pitani ndi munthu wodziwa, cifukwa mukafafaniza molakwika kompyuta ingakane kuyaka.

Tinaganiza tapambana. Cimbale cinazungulira, caima, cazunguliranso, kumveka tiki tiki, kenaka uthenga: ikani disiki. Disiki ili kale mkati! Msuweni anafukula CD yakale ya kwaya, tinaiika, ndipo inalira bwinobwino mpaka amene anali kumetedwa anayamba kutsatira. CD iwerenga, DVD ikana. Ici cimadabwitsa ambiri, koma cifukwa cake n'cosavuta. Mkati mwa drive muli ma laser awiri, ina ya CD ndi ina yofiira ya DVD. CD imanyamula 700MB, DVD 4.7GB pa cimbale ca saizi imodzimodzi, ndiye timadontho ta pa DVD n'tating'ono kwambiri ndipo tifuna diso loyera. Fumbi pang'ono pa kagalasi, DVD ndiyo imayamba kugwa. Onetsetsaninso kuti kutsogolo kwa drive palembedwa DVD, popeza makina ena akale kwambiri ali ndi CD-ROM cabe, ndipo imeneyo olo muipempherere siizawerenga DVD.

Tinacotsanso pulagi, tinatulutsa drive, tinamasula masikuluwu apansi ndi kucotsa civundikiro. Kagalasi kake ni kang'ono ngati kanjere ka mapira, kokhala pa kangolo koyenda pa tinjanji tiwiri. Tinatenga ka thonje ka m'makutu, kunyowetsa pang'ono cabe ndi spirit, ndi kupukuta mopepuka. Yabwino koposa ni isopropyl ya ku chemist kapena kwa okonza mafoni. Osakanikiza, kagalasi kamalendewera pa tiwaya tofewa. Osaika mate, mafuta onunkhira kapena kacasu, ndipo musayatse drive ili yotsegula kuti muone laser, maso ni anu.

Podikira kuti kaume tinayang'ana cimbale ceniceni. Cinali ndi zidindo za zala ndi kamzere kamodzi kozama ca kumphepete. Tinacitsuka ndi madzi ndi kasopo, kupukuta ndi nsalu yofewa kucokera pakati kupita kunja. Osapukuta mozungulira, cifukwa zinthu zinalembedwa mozungulira, ndipo mkwawu wotsatira njira yomweyo umapha gawo lalikulu nthawi imodzi. Ambuya anacita bwino kusunga mumdima. Ma disiki owocha ali ndi utoto umene dzuwa limaufooketsa, ndiye aja amene mumasiya pawindo kapena pa dashboard ya minibasi akufa pang'onopang'ono.

Tili pafupi kuyesa, malaiti anapita. Tinakhala panja mpaka cakumadzulo, kudya mbatata yowocha ndi kuwerenga mathiraki opita ku Chanida.

Atabwera, tinaika cimbale. Cinazungulira, liwu linakwera bwino osadukiza, ndipo pa sikirini panatuluka foda ya VIDEO_TS. Msuweni ati tiyeni tionere. Ndinamukaniza. Drive yodwala ikakupatsa mpata, yamba wakopa, kuonera ni pambuyo, cifukwa sudziwa ngati izawerenganso kaciwiri. Mu foda imeneyo filimu ili m'mafayilo a VOB, lililonse osapitirira 1GB. Tinakopa limodzi limodzi. Atatu anapita bwino. Lacinayi linaima pakati, pa kamzere kaja, ndipo titayesa katatu tinalisiya. Poonera tinagwiritsa VLC, imene ni yaulere ndipo imatsegula VOB popanda kukangana. Amene muli ndi Windows 10 muidziwe, popeza Windows imeneyo siionetsa filimu ya DVD payokha.

Ine mtima unali m'mwamba, kuopa kuti agogo ali m'fayilo lakufa lija. Tinathamangitsa filimu: mafumu a ku Malawi ndi Mozambique akupereka mitulo, anamwali, Gule Wamkulu, fumbi, wojambula akugwedeza kamera monga ali pa ngolo. M'fayilo laciwiri, kumanzere kwa sikirini, anaonekera. Shati yoyera, thukuta mbwee, ng'oma pakati pa miyendo. Mphindi zinayi cabe, kenaka kamera inatembenukira kwa alendo olemekezeka.

Tinaika pa hard disk, pa fulashi ziwiri, ndipo gawo la agogo tinalisandutsa MP4 kuti lilowe pa foni. Fulashi nayo imafa, mwina msanga kupambana DVD, ndiye kopani pawiri patatu ndipo cimbale musataye. Ngati drive yanu yakana zonsezi, laser yatha mphamvu, siikonzeka. Funani ina ya salaula kwa okonza makompyuta ku Chipata kapena mu town ku Lusaka, kapena ija yakunja yolumikiza pa USB, imene imagwira ndi pa laptop pomwe.

Ndinafika kumudzi usiku pa kanjinga ka moto, ambuya akali maso, nyali ili pambali. Ndinawapatsa foni. Anaonera osalankhula, anati ndibwezere, anaoneranso. Kacitatu anaika cala pa sikirini, filimu n'kuima.

"Shati iyi ndinawauza kuti asavale, inali ya kuchalichi. Ona mmene anaidetsera."

Foni yanga anagona nayo. Ndinaitenga m'mawa batire ili pa 2%.