Chipata cha Likoma chili kutsidya

Pa 12 Januwale 2021 dziko lino lidataya nduna ziwiri tsiku limodzi ndi matenda a Covid-19. Mmodzi adali Lingson Belekanyama, nduna ya maboma ang'ono, winayo adali Sidik Mia, nduna ya zamtengatenga, ndipo tsiku lomwelo Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti dziko lili pangozi. Kwa munthu wa ku Likoma, maudindo a nduna ziwirizo ndi mizati iwiri imene moyo wake watsamirapo: khonsolo ndi sitima. Pachilumba ufa, mankhwala, katemera, namwino, mphunzitsi, ngakhalenso matenda amene, zonse zimachita kutsika m'sitima kapena m'boti. Ndiye tikamafunsa mmene makhonsolo angathandizirane pa nthawi ya mliri, Likoma ndi malo oyenera kuyambira, chifukwa kumeneko kulephera kwa mgwirizano sikubisika. Khonsolo ya Likoma, ngakhale itachita khama chotani, singateteze anthu ake ili yokha, popeza chipata cholowera pachilumbapo chili m'manja mwa ena. Mgwirizano wake ndi makhonsolo anzake uyenera kukhala wolembedwa, wokhala ndi ndalama zake, ndiponso womangidwa mliri usanagogode.

Boma la Likoma ndi zilumba ziwiri, Likoma ndi Chizumulu, ndipo ndilo laling'ono kwambiri mwa maboma 28 a dziko lino. Kalembera wa 2018 adapezako anthu 14,527. Kale zilumbazi zinkalamulidwa kuchokera ku Nkhata Bay, mtunda wa makilomita oposa 60 pamadzi, pamene gombe la Mozambique, ku Cobue, lili pafupi kwambiri moti munthu ataima ku Likoma amaona mapiri ake bwinobwino. Madzi ozungulira zilumbazi ndi a Mozambique. Nthaka yake ndi yamiyala ndi mchenga, yokondedwa ndi milambe kuposa chimanga, choncho anthu amadalira usipa ndi utaka kuti apeze ndalama, ndipo chakudya chambiri, nkhuni ndi makala amazigula kutsidya. Chipatala chachikulu, cha St Peter's, ndi cha mpingo wa Anglican umene udakhazikika pachilumbapo m'zaka za m'ma 1880, ndipo chili pansi pa bungwe la CHAM. Wodwala amene matenda ake akula amatumizidwa ku Nkhata Bay kapena ku chipatala chachikulu cha Mzuzu. Tikaphatikiza zonsezi, tikuona boma limene mimba yake ili ku Mozambique, chipatala chake chomaliza chili ku Mzuzu, ndipo khomo lake lili padoko la khonsolo ina.

Sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951, ndi ulusi umene umasokerera maboma a m'mbali mwa nyanja pamodzi. Ikanyamuka ku Monkey Bay m'boma la Mangochi imadzera ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu ndi Nkhata Bay mpaka ku Chilumba m'boma la Karonga, kenako n'kubwerera. Munthu amene wakwera ali ndi chifuwa ku Monkey Bay amagona, kudya ndi kupuma mpweya umodzi ndi anthu mazanamazana othithikana m'chipinda chapansi, ndipo aliyense wa iwo amakatsikira m'dera la bwanamkubwa wosiyana. Kachilombo kakangoponda pachilumba, ulendo wake sukhala wautali. Kafukufuku amene Stéphane Helleringer ndi Hans-Peter Kohler adachita ku Likoma m'zaka za 2005 ndi 2006, wofuna kumvetsa kafalidwe ka HIV, adapeza kuti pafupifupi theka la achinyamata ogonana amene adafunsidwa adali olumikizana mu ukonde umodzi waukulu wa zibwenzi. Ngati zili choncho pa nthenda yofuna anthu awiri agwirizane, nanga bwanji pa yofala m'mpweya, pamalo pamene anthu amasonkhana m'tchalitchi chimodzi, pamsika umodzi wa Mbamba, ndi pamaliro amodzi? Nkhondo yeniyeni imapambanidwa kapena kulephereka munthu asanakwere.

Malamulo adapereka kale udindo umenewu kwa makhonsolo. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono, zonse za 1998, zidaika zaumoyo za m'boma m'manja mwa khonsolo. Pansi pa bwanamkubwa pali komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene ili ndi nthambi zake kwa mfumu yaikulu ndi m'midzi. Palinso makomiti a chitukuko a ADC ndi VDC, alangizi a zaumoyo, makhansala ndi mafumu. Vuto n'lakuti makwerero onsewa amapita m'mwamba, kuchoka pamudzi kukafika ku Lilongwe, koma palibe mlatho wolimba wopita cham'mbali, kuchoka pa khonsolo ina kukafika pa inzake. Komatu ntchito za mliri zimayenda cham'mbali. Covid-19 atangolowa, malo oyezera adali m'mizinda ikuluikulu yokha, choncho zoyezedwa za munthu wa ku Chizumulu zimayenera kuwoloka nyanja, kupeza galimoto ku Nkhata Bay ndi kukwera phiri mpaka ku Mzuzu zisanaonongeke. Silinda ya okosijeni imayenda njira yomweyo mobwerera. Paulendo umodziwo pali makhonsolo atatu, ndipo pakangosowa mafuta a ambulansi pa imodzi, khama la ziwiri zinazo lapita m'madzi.

Wina angati zonsezi n'kuzungulira, chifukwa chilumba ndi malo osavuta kutseka: imitsani sitima, letsani maboti, matenda atsala kunja. Maganizowa amakopa, ndipo zilumba zina za m'nyanja ya Pacific zidachitadi zimenezo kwa miyezi yambiri. Koma Likoma sadya zolima yekha. Kuimitsa sitima kwa milungu itatu ndiko kuimitsa ufa, mankhwala otalikitsa moyo, mafuta a injini ndi msika wa usipa wouma. Dziko lonse lidaphunzira zimenezi mu Epulo 2020, pamene boma la Peter Mutharika lidalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo. Ochita malonda m'misika adachita zionetsero, bungwe la HRDC lidakamang'ala kukhoti, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda adapereka chiletso. Dandaulo lalikulu lidali lakuti boma silidakonze chimene osauka adzadye ali m'nyumba. Komanso kutseka doko sikutseka nyanja. Sitima ikaima, anthu amakwera maboti amatabwa ndi mabwato, n'kumakocheza usiku m'magombe opanda woyeza aliyense. Kumbukiraninso kuti Covid-19 adakula kwambiri mu Julayi 2020 ndi Julayi 2021, miyezi imene mwera umakalipa. Chitseko chotsekedwa chikadangosintha imfa ya chifuwa kukhala imfa ya m'madzi. Chofunika n'chitseko chotsegula koma cholonderedwa mbali zonse ziwiri, ndipo mbali inayo ndi ya khonsolo ina.

Chitsutso chachiwiri n'cholemerapo. Ena amati mliri ndi nkhondo, ndipo nkhondo imafuna mkulu wa asilikali mmodzi. Kugawa mphamvu kwa makhonsolo 35 n'kugawanso mipata ya kuba. Umboni wawo ndi K6.2 biliyoni ya Covid-19, imene mu Febuluwale 2021 idachititsa kuti akuluakulu ambiri a boma, kuphatikizapo mabwanamkubwa, ayambe aimitsidwa ntchito polephera kulongosola mmene idayendera. Sitingakane kuti ndalama zambiri zidathera m'maalawansi ndi m'misonkhano pamene zipatala zinkasowa mpweya. Koma lipoti la wofufuza za chuma cha boma, limene lidatuluka mu Epulo chaka chomwecho, silidaloze makhonsolo okha. Lidatchulanso maunduna ndi nthambi za ku likulu, ndipo nduna ina idachotsedwa paudindo. Nthenda ya alawansi siichira posamutsa ndalama kuchoka paboma kupita ku Capital Hill. Kumeneko imangobisala bwino. Pachilumba cha anthu osafika 15,000, pamene aliyense amadziwa boti la khonsolo ndi amene walikwera, ndalama yolembedwa pachikwangwani pakhomo la ofesi ili ndi alonda ambiri kuposa yosungidwa m'mafayilo a ku Lilongwe. Likulu ligule katemera, liike malamulo, lifufuze mabuku. Koma kudziwa gombe limene maboti amakocheza usiku, kapena mfumu imene anthu angaimvere ikati maliro asachedwe, ndi nzeru ya pamalo.

Pamene zonse zakonzedwera ku likulu, zilumba zimaiwalika popanda wina kuchitira dala. Thandizo la K35,000 pamwezi limene boma lidalonjeza mabanja ovutika ndi mliri lidalunjika m'mizinda inayi ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, poganiza kuti wakumudzi ali ndi nkhokwe. Msodzi wa ku Makulawe pa Likoma kapena mayi wogulitsa nsomba ku Chizumulu ndi wakumudzi pa pepala, koma amagula chakudya ndi ndalama ngati wa ku Ndirande, ndipo alendo odzaona malo atasiya kubwera, ogwira ntchito m'malo ogona alendo adatsala manja ali m'khosi. Chimodzimodzinso kagawidwe ka chuma kotsata chiwerengero cha anthu. Kuwerenga mitu n'chilungamo pamtunda, koma sikuona kuti kutumiza wodwala mmodzi kuchoka ku Likoma kumadya mafuta amene kwina angatumize odwala ambiri. Pamene katemera wa AstraZeneca adafika mu Malichi 2021, dziko lidalephera kumaliza wina nthawi yake isanathe, moti mu Meyi adatentha 19,610. Katemera ndi chinthu chothamangitsana ndi tsiku. Makhonsolo oyandikana amene amauzana kuti kuno watsala, uko wasowa, n'kumutumiza pa sitima ya sabata yomweyo, amapulumutsa zimene ofesi yakutali imazindikira mochedwa.

Palinso amene angati za Mozambique n'za unduna woona maubale ndi maiko ena, khonsolo isalowererepo. Pa malamulo akunena zoona, koma pamoyo wa tsiku ndi tsiku malirewo ndi ofewa. Anthu a ku Cobue ndi a ku Likoma amamvana chilankhulo, adakwatirana, ambiri amapemphera mpingo umodzi, ndipo odwala a kutsidyako akhala akuwolokera ku St Peter's kwa zaka zambiri chifukwa ndicho chipatala chowayandikira. Kuwabweza ndi nkhanza, komanso n'kupusa, pakuti wodwala wobwezedwa amakapatsira abale amene mawa adzabwera kudzagulitsa nkhuni. Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo apa ndevuzo zayandikana moti moto wake ndi umodzi. Sipafunika pangano la mapulezidenti kuti mkulu wa zaumoyo ku Likoma ndi mnzake wa boma la Lago, ku Metangula, azidziwitsana sabata iliyonse za odwala amene awaona. Chofunika n'chakuti maboma awiriwa awapatse chilolezo chokhazikika, kuti kudziwitsanako kusadalire ubwenzi wa anthu awiri amene mawa angasamutsidwe.

Amene akuganiza kuti nkhaniyi idatha ndi Covid-19 akumbukire kolera. Adayamba ku Machinga mu Malichi 2022 namondwe Ana atadutsa, pofika Ogasiti adali atakhazikika m'midzi ya asodzi ya ku Nkhata Bay, ndipo mu Seputembala boma la Mozambique lidapeza wodwala woyamba m'boma la Lago, loyang'anizana ndi Likoma. Zilumbazi zidali pakati pa moto uwiri. Mliriwo udafika m'maboma onse a dziko lino n'kupha anthu oposa 1,700, kuposa kolera wina aliyense m'mbiri yathu. Njira yake idali yomwe ija: asodzi otsata usipa kuchoka pagombe lina kupita pa lina, misasa yopanda zimbudzi, madzi a m'nyanja omwa ndi kusamba omwewo. Msodzi wotere sawerengedwa ndi khonsolo iliyonse, chifukwa kwawo kulibe ndipo kumene ali ndi mlendo. Katemera wa kolera kapena mankhwala othira m'madzi amamupeza pokhapokha makhonsolo atagwirizana kuti munthu wa panyanja ndi wa onse.

Tsono pangano lake likhale lotani? Silifuna nyumba yatsopano kapena galimoto za mabwana. Makhonsolo a Likoma, Nkhata Bay, Nkhotakota ndi mzinda wa Mzuzu alembe, n'kuvomereza pamisonkhano yawo, kuti ndani amayeza okwera padoko lililonse, ndani amalandira wodwala akatsika m'boti, mafuta a ulendowo amachokera m'thumba liti, masilinda angati a okosijeni azikhala pachilumba nyengo ya mwera isanayambe, ndiponso uthenga wa wodwala woyamba uzifika kwa anzawo pasanathe maola angati. Chipatala cha St Peter's, oyendetsa sitima, makomiti a asodzi a m'magombe ndi Mfumu Mkumpha ya ku Likoma akhale nawo pa mphasa yomweyo, chifukwa iwo ndiwo agwira zingwe zenizeni. Bungwe la makhonsolo la MALGA, limene nthawi zambiri limamveka podandaula za kuchedwa kwa ndalama zochokera ku likulu, lingathe kutsogolera ntchitoyi, ndipo lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2023 likutsindika kale kukonzekera ngozi isanagwe. Ndalama zake zilembedwe m'bajeti ya chaka chilichonse, ngakhale chaka chimene kulibe mliri, ndipo zizimatidwa poyera.

Chovuta pa ntchito yotere n'chakuti siioneka. Khansala amene wamangitsa mlatho amadula riboni, koma amene wateteza mliri alibe chimene angaloze, pakuti phindu lake ndi maliro amene sadachitike. N'chifukwa chake anthu eni ake ayenera kuifunsa pamisonkhano ya ADC ndi pa nthawi ya kampeni, monga amafunsira za msewu ndi mjigo. Asodzi a ku Likoma sasoka ukonde usipa utafika kale, ndipo samata boti mwera utayamba. Ilala ikamaliza kulira padoko la Nkhata Bay, zingwe n'kumasulidwa, zimene zidzachitike ku Chipyela pa Likoma ndi ku Chizumulu sabata yotsatira zimakhala zitakwera kale.